Mawu a Amayi M'gemu ya Makutu

Sabata imene gemu yawo ya pa kompyuta inatuluka, anthu atatu amene anaipanga anaonda ndi maganizo. M'mawa uliwonse ankakwera masitepe opita m'kachipinda kawo, pamwamba pa shopu ya matayala, aliyense n'kuweramira foni yake ngati akudikira zotsatira za kuchipatala. Mzime ndiye analemba nkhani ya gemuyo. Wazithunzi anajambula nyumba, anthu ndi mipando yonse. Makutu anaimanga pa kompyuta ndi kuikamo mawu. Dzina lakelo analipata chifukwa cha mahedifoni amene sankachoka m'khosi mwake, moti anzake ankalumbira kuti amasamba nawo.

Mzime ndi Makutu anali pa chibwenzi chodziwika. Mnyamatayo anali atafika kale kwawo kwa mtsikanayo, ndipo amayi ake a Mzime anamukonda chifukwa cha ulemu wake komanso chifukwa ankadya chilichonse chimene wapatsidwa osayang'ana kumbali. Anagwirizana kuti gemu ikangotuluka, achibale a Makutu adzabwera kudzakamba za ukwati.

Gemuyo anaitcha Zovala Zake. Wosewera amakhala mayi amene mwana wake wamwamuna wamwalira, ndipo amayenda m'nyumba chipinda ndi chipinda kutolera katundu wa malemuyo. Mulibe mdani woti umuwombere, mulibe kudumpha, mulibe kupambana. Ukafika m'chipinda chomaliza umapinda zovala za mwanayo, gemu n'kuthera pompo.

Olemba ndemanga za magemu sanaichitire chisoni ngakhale inali ya maliro. Wina analemba kuti pa maliro enieni anthu amayenda mofulumira kuposa mayi wa m'gemuyo. Wina anati anadina mabatani onse kufunafuna lothamangira mpaka chala chinachita dzanzi. Panali wina, wopanda chifundo, amene anati wolemba nkhaniyo sakufunika kompyuta koma munthu woti azicheza naye. Ngakhale mayi wina amene anayamikira kuti nkhaniyo ndi yoona mtima anadandaula kuti siitsegula ngakhale zenera limodzi kuti munthu apume. Wazithunzi ankawerenga mokweza ndemanga zonse zonyoza nkhani, koma akafika pa zonena kuti zithunzi zachita mdima kwambiri, maso ake ankadumpha mzere.

Mzime ankamva kuwawa kuposa anzakewo, chifukwa nkhaniyo sanaipeke. Mlongo wake anafa pa ngozi ya galimoto zaka ziwiri zapitazo, ndipo amayi awo anasiya chipinda chake monga momwe chinalili. Zimene Mzime ankaona podutsa pa chitseko chotsegula pang'ono ndi zimene anazilemba. Kunyumba ankanama kuti amapanga magemu ophunzitsa ana kuwerenga. Chipinda chomaliza anachilemba misozi ili m'masaya, ndipo kuyambira pamenepo sanalimbe mtima kuchisewera ngakhale kamodzi. Makutu ankadziwa zimenezi ndipo sanamukakamizepo.

*

Lachisanu masana kunatuluka kanema wa Wandevu. Ameneyu anali bambo wa mawu amanzenene amene anthu ambirimbiri ankamuonera pa intaneti, ndipo opanga magemu ankamuopa chifukwa gemu akaigwira ankaisenda mpaka kuisiya yamaliseche. Atatuwo anakokera mipando pa kompyuta imodzi. Makutu anagwira dzanja la Mzime pansi pa tebulo, Wazithunzi anaona koma anayang'ana kumbali.

Wandevu anayamba monga mwa nthawi zonse. Anati kuyenda kwake n'kotopetsa, nkhani ya kiyi wa kukhitchini ndi yachibwana, ndipo pali malo ena pamene mayiyo amakanirira pa khoma ngati wapakidwa guluu. Makutu ankangogwedeza mutu, poti zinali zoona. Kenako bamboyo anavula magalasi, chinthu chimene omuonera anali asanachionepo.

"Ndasewera magemu ambiri a imfa," anatero Wandevu. "Onse amalira mokongola. Iyi ayi. Ingomverani chipinda chomalizachi, ine ndikhala chete."

Pa sikirini panaoneka bedi, zenera ndi mulu wa malaya. Kenako panamveka patapata akukhwekhwereza pansi, ndi mayi akung'ung'udza nyimbo yopanda mawu. Nyimboyo inaduka pakati. Mayiyo anatsokomola kawiri, kachifuwa kouma kakang'ono, n'kunong'ona kuti, "Ndabweranso, mwanawe." Atatero anayambiranso nyimbo ija pamene anaisiyira.

Mzime anazindikira pompo kuti mawuwo anali a amayi ake. Kachifuwa kameneko analeredwa nako. Ankakamva kuseri kwa khoma ali mwana, ankakamva m'tchalitchi, anakamva m'mawa wa tsiku lomwelo akumwa tiyi. Anasolola dzanja lake pang'onopang'ono m'dzanja la Makutu.

Wandevu ankapitiriza kuti wazisudzo amene anachita mawuwo ayenera kulandira mphotho, ndipo akudabwa kuti dzina lake silinalembedwe paliponse. Anamaliza ndi kuuza anthu kuti aigule gemuyo, ayende pang'onopang'onopo osadandaula, chifukwa chimene chili kumapeto n'choyenera ulendowo. Wazithunzi anaomba m'manja. Mzime anatenga chikwama chake n'kutuluka.

*

Makutu anamupeza pa masitepe. Pansi pawo anyamata a matayala ankamenya chitsulo, ndiye anayenera kuyandikira kuti amveke.

Anafotokoza zonse osazungulira. Mzime ankadziwa kale khalidwe lake lojambula mawu a chilichonse, kaya ndi mpope wodontha, sipuni m'kapu kapena chitseko cholira, chifukwa ankati phokoso logula pa intaneti lilibe moyo. Tsiku limene Makutu anapita koyamba kukaonekera kwa amayi a Mzime, anamva chitseko cha m'kanjira ka m'nyumbamo chikulira mwa mtundu wina, ndipo anaika kachipangizo kake kojambulira pa shelefu ya nsapato. Kenako anaitanidwa kukamwa tiyi n'kukaiwala. Atafika kwawo anapeza kuti kajambula zambiri kuposa chitseko. Anasunga mawuwo miyezi yambiri osauza munthu. Azisudzo amene ankawayesa pa chipinda chomaliza onse ankalira mopitirira muyeso, nthawi inkatha, ndipo tsiku lina Wazithunzi anamva mawuwo n'kunena kuti kuwasiya kungakhale kupusa.

"Unadziwa kuti sindidzalowa m'chipinda chimene chija," anatero Mzime.

Makutu anayang'ana pansi. "Ndinadziwa."

Mawu amenewo ndi amene anamulasa mtima kuposa kuba kwenikweniko. Mzime anali ataonetsa mnyamatayu bala lake poganiza kuti alisamala, koma iye anaona kuti ndi malo abwino obisapo chinthu. Makutu analonjeza kuti achotsa mawuwo, ndipo aliyense amene ali ndi gemuyo alandira yokonzedwa. Mzime anamufunsa ngati achotsanso m'makutu mwa anthu onse amene amva kale.

Mzime anatsika masitepewo yekha. Ankafunitsitsa kukwiya ndi mtima wonse, koma mkwiyowo unkakana kudzaza. Makutu akanatha kumukumbutsa kuti woyamba kusuzumira amayi m'chipinda cha malemu anali ndani. Sanatero, ndipo kusanenako kunamuwawa kwambiri Mzime.

*

Loweruka ndi Lamlungu mphepo inatembenuka. Anthu anayamba kugula gemuyo, ndipo olemba ndemanga anatulukira mwadzidzidzi kuti kuyenda pang'onopang'ono kuja kunali kulimba mtima kwa opanga. Ngakhale uja wa chala chadzanzi analembanso kuti anafulumira kuweruza. Onse ankakamba za chinthu chimodzi, ndipo ena anayamba kufufuza kuti mayi wa mawuwo ndi ndani. Mzime ankawerenga zonsezi ali m'chipinda chake, kwinaku mayi wofunidwayo akutsuka mbale kukhitchini, osadziwa kanthu.

Mauthenga a Makutu ankalowa motsatizana. Woyamba unali wautali, wodzaza ndi zifukwa. Otsatira ankafupikirafupikira mpaka womaliza unangoti, "Wadya?" Mzime analemba yankho, n'kulifufuta, n'kulembanso lina, n'kuika foni pansi pa pilo.

Lolemba m'mawa anapeza Wazithunzi akumudikira pa siteji ya basi. Mtsikanayu anadziwana ndi Makutu ali ku koleji, ndipo aliyense wokhala ndi maso ankaona kuti anamuika kumtima kalekale, kupatula Makutu mwini, amene maso ake sankagwira ntchito ngati makutu ake. Wazithunzi anati Makutu akufuna kuchotsa mawu aja tsiku lomwelo, ndipo munthu yekhayo amene angamuletse ndi Mzime. Anakamba za zaka zimene atatuwo anataya m'kachipinda konunkha mphira kaja, ndi kuti popanda mawuwo gemuyo ibwerera kukhala yotopetsa monga ankanenera anthu poyamba.

Mzime anayankha kuti amayi ake si katundu wa gemu.

"Usadziyeretse, mnzanga," anatero Wazithunzi akumwetulira. "Iye uja anangoba kampweya. Iwe unaba moyo wawo wonse n'kuugawa m'zipinda."

Basi inafika koma Mzime sanaikwere. Anabwerera kunyumba n'kuuza amayi kuti mutu ukumupweteka. Madzulo ake Makutu anachotsadi mawuwo, m'chipinda chomaliza munangotsala zii. Osewera anakwiya, ena analemba kuti agulitsidwa chinthu chodulidwa lilime, ndipo Wandevu analemba mzere umodzi wofunsa kuti opanga gemuyo akubisa chiyani.

*

Mkulu wake wa Mzime anali namwino, mayi wosaseka zachabechabe, ndipo sanamufunepo Makutu n'kale lomwe. Ankati mwamuna amene ntchito yake ndi zidole sangasunge banja. Lachitatu anabwera kuchokera kuchipatala yunifolomu ili m'thupi, foni ili m'manja. Wina anali atamutumizira kanema wa Wandevu pa nambala yosadziwika, ndi uthenga woti amvetsere bwino kumapeto. Mzime sanafunike kuuzidwa kuti anatumiza ndi Wazithunzi.

Anamupempha mkulu wakeyo ku khonde kuti asawaonetse amayi, koma namwinoyo anati zinthu zowola sabisa pansi pa bandeji. Analowa, anakhala pafupi ndi amayi awo, n'kuwaikira foniyo m'manja.

Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. Anangobweza foniyo bwinobwino ngati ndi yotentha, n'kunena kuti mnyamata uja aitanidwe.

Makutu anafika dzuwa likupendeka, atavala shati yoyera, m'khosi mulibe kanthu. Anakana mpando n'kukhala pa kabenchi ka pafupi ndi chitseko. Namwino ndiye anayankhula kwambiri. Anamutcha wakuba, kazitape, munthu wodyera pa misozi ya anthu, ndipo mnyamatayo anavomera zonse ndi mutu. Kenako namwinoyo anafunsa funso limene Mzime ankaliopa. Anati mawu ndi mawu, koma nanga nkhani ya mayi wotaya mwana, ndi nyumba yofanana ndi yawo ino, analemba ndani?

"Ndine, achemwali," anatero Makutu. "Zonse ndi ine. Mzime ankangondikonzera zilembo zolakwika. Chipinda chomaliza sanachisewerepo."

Mbali yomalizayo inali yoona, ndipo ndi imene inapangitsa bodza lonselo kuima. Mzime anatsegula pakamwa. Makutu anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono chabe, moti wina aliyense sakanaona. Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, manja awo ali pamiyendo. Anatseka pakamwa paja, ndipo anadzida pompo.

Amayi anayankhula motsitsa, moti namwino anachita kusendera. Anati sakudziwa za magemu, ndipo sakusamala kuti anthu akuwatama kapena kuwaseka.

"Nyimbo ija sinali yanu, bambo. Ngakhale ine sinali yanga. Ndinkamuimbira mwana wanga, kuti amve yekha. Tsopano ndikalowa m'chipinda muja ndimva ngati muli anthu."

Makutu anagwada pansi. Anati wachotsa kale mawuwo, ndipo achita china chilichonse chimene angamuuze.

"Dzukani, mudetsa thalauza," anatero amayiwo. "Ndinakukondani, sindinama. Koma musabwerenso, ndipo achibale anu musawavutitse ndi ulendo."

Makutu anatuluka osayang'ana m'mbuyo. Mzime anamva chitseko cha mpanda chikutsekedwa pang'onopang'ono, mwaulemu, monga ankatsekera nthawi zonse. Amayi ake anamukokera pachifuwa n'kumusisita kumsana, akumuuza kuti asalire, wapulumuka m'kamwa mwa munthu wachinyengo. Mzime analira kwambiri, ndipo amayiwo sanadziwe chimene ankalirira.

*

M'mawa mwake kunabwera uthenga umodzi wochokera kwa Makutu. "Usanene kanthu. Amayi ataye mmodzi, asataye awiri."

Anauwerenga kambirimbiri. Anamukwiyira chifukwa chomusankhira chochita, monga anachitira ndi mawu aja, ndipo anamukonda chifukwa cha chomwecho, mpaka sanadziwenso kuti chikumupweteka n'chiti. Anayamba kulemba kuti akufuna kumuona. Asanatumize, anaona chithunzi chimene Wazithunzi anaika pa intaneti: makapu awiri a tiyi pa tebulo la m'kachipinda kaja, ndi mawu akuti ntchito ikupitirira. Kapu imodzi inali ya Mzime, yobenthuka pakamwa ija.

Masiku otsatira amayi ankamusamala ngati wodwala. Ankamutenthetsera madzi osamba, ankamuikira chakudya chochuluka, ndipo ankauza namwino kuti asamamukalipire mwanayo, poti naye anapusitsidwa. Chikondi chimenechi chinkamulemera Mzime kuposa chipongwe chilichonse cha olemba ndemanga. Anaonanso kuti amayi asiya kulowa m'chipinda cha malemu. Ankafika pa chitseko, kuima pang'ono, n'kubwerera.

Ku intaneti phokoso linkakulirakulira. Anthu anagawikana, ena ankati mawu abwezeretsedwe, ena ankati chete uja ndi wowawa kuposa nyimbo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti akukangana za mayi amene tsopano sangathenso kuimbira mwana wake.

*

Loweruka masana, namwino atapita ku ntchito, Mzime anamva amayi akumuitana. Mawuwo sankachokera kukhitchini kapena pabalaza. Ankachokera m'chipinda cha mlongo wake.

Anali asanapondemo chichitikireni maliro. Munali fungo la sopo ndi fumbi. Nsapato za mpira zinali pansi pa bedi, ndipo pakhoma panali pakadali kalendala ya chaka chija. Amayi anali atakhala pa bedi, shati ya buluu ili pamiyendo. Anamuuza kuti akhale pafupi nawo.

Anati dzulo lake anapempha namwino kuti awaonetse makanema ena a gemuyo, chifukwa munthu akakubera umafuna kudziwa zonse zimene watenga. Anaona mayi wa m'gemuyo akuyenda m'nyumba, anaona kabati, anaona bedi. Zonsezo anati mlendo akhoza kuziona pa ulendo umodzi. Koma panali chinthu china chimene chawasowetsa mtendere.

Anatambasula shati ija pamiyendo. Anayamba kumanga mabatani kuchokera pansi, limodzilimodzi, mpaka la pakhosi penipeni. Kenako anawongola kolala ndi zala ziwiri, n'kuisisita.

"Mlongo wako sankamanga batani ili," anatero. "Tinkakangana m'mawa uliwonse. Ndiye ndikamapinda malaya ake ndimamumangira, poti tsopano sangakane. Mayi wa m'gemu uja amachita chimodzimodzi, mpaka zala ziwirizi."

Mzime anakumbukira tsiku limene anaimirira kumbuyo kwa Wazithunzi, akumuonetsa ndi manja ake mmene zalazo ziyenera kuyendera.

"Kachipangizo kake kaja kamangomva," anapitiriza amayiwo. "Batani sililira, mwanawe. Izi ndi za munthu amene ankandiona, ndipo osati kamodzi. Mkulu wako walumbira kuti si iye. M'nyumba muno tilimo atatu."

Anaika shati ija m'manja mwa Mzime, n'kugwira manjawo pamodzi ndi shatiyo. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munali mantha, mantha a munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi ndipo akuopa kuchiyang'ana bwinobwino.

"Ndiuze kuti si iwe," anatero motsitsa. "Ukangonena, ine ndikhulupirira."